Mlongo Wanga Anatola Nyemba Yoyera

Dambe, Mchinji
8 Novembala 2004

Kwa Bwana Mkulu,
Bungwe la Mtima Pansi,
Lilongwe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kuulula kuti sabata yathayi sindinaone tulo. Si udzudzu ayi. Ndi buku lanu lonyezimira lija, la zotsatira za kafukufuku, limene dalaivala wanu anandipatsira pawindo osazimitsa injini. Ndaliwerenga kawiri, dikishonale ili pambali, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuthokoza ndichimwa.

Mwina simundikumbuka, pakuti tinaonana kamodzi kokha. Ndine Kefasi, amene munamulemba ntchito yofunsa mafunso chifukwa cha satifiketi ya Fomu 4. Ndine ndinagwira chipewa tsiku la maere.

1. Zikomo chifukwa cha chipewacho. Mu 2002 munasonkhanitsa amayi amasiye ovutika maganizo, amene amuna awo anapita ndi matenda anowa. Munati mukufuna kudziwa ngati kukhala pagulu ndi kukambirana za mumtima pamodzi ndi mlangizi kumachiritsa. Wotola nyemba yofiira alowa m'gulu lero, wotola yoyera adikire miyezi isanu ndi umodzi, naye adzalowa. Mlongo wanga Stelia anatola yoyera. Anaiyang'ana pang'ono, n'kuibweza m'chipewa ndi manja awiri.

2. Zikomo chifukwa cha lamulo lakuti ofiira asamacheze ndi oyera za mumtima, kuopa kudetsa kafukufuku. Ife osaphunzira timati munthu akadwala timakamuzonda, tikhale naye pamphasa ngakhale tilibe chonena. Rozi, mnzake wa Stelia wa m'kwaya, anatola yofiira. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde pa Stelia atangokhala kumene. Ndinamuchotsa ine, ndi pakamwa pomwepa pamene ndimalandirira Ukalisitiya. Sanabwerenso. Ndinakalapa, koma bambo mfumu anandifunsa katatu kuti ndibwereze tchimolo. Sanamvepo za munthu woletsa kuzonda odwala chifukwa cha sayansi.

3. Zikomo chifukwa cha mafomu. Mwezi ndi mwezi ndinkakhala pamaso pa mlongo wanga wa bere limodzi n'kumamufunsa ngati mlendo: walira masiku angati sabata ino, wadya kangati, waganizapo kuti bola kutsatira malemu amuna ake, a Maliko. Iye kuyankha, ine kuzunguliza nambala. Malangizo anati wofunsa asatonthoze. Sindinatonthoze, Bwana. Mwa ofunsa tonse, ndine ndekha amene fomu yake sinabwezedwepo.

4. Koposa zonse, zikomo chifukwa cha zotsatira. Mwalemba kuti mwa amayi khumi alionse ofiira, asanu ndi awiri anapeza bwino. Sindikutsutsa, ndaona ndi maso angawa. Rozi thupi labwerera, akugulitsa tomato kuboda, ndipo wayambanso kutisokosera ndi mawu ake okwera aja m'tchalitchi. Ndiye amene akuseka pachikuto cha buku lanu. Stelia naye alimo, ngakhale alibe nkhope. Patsamba 31 pali mizere iwiri, wofiira ukukwera, woyera ukutsetsereka ngati njira ya kudambo, ndipo mwati kutalikirana kwa mizereyi ndiwo umboni wakuti mankhwala a kukambirana amagwira ntchito. Apa ndiye ndinamvetsa udindo wa mlongo wanga. Akanachira, ntchito yanu yonse ikanawonongeka. Ndamuuza kuti anyadire. Anatembenukira kukhoma.

5. Za lonjezo la miyezi isanu ndi umodzi sindinenapo zambiri. Itatha munati tidikire muwerenge mafomu. Mutawerenga munati tidikire mulembe buku. Tsopano ofesi yanu ya paboma akusungiramo fetereza, ndipo alangizi anapita kukapeza umboni wina kuboma lina. Ndamva kuti mutalengeza zotsatira kuhotela, alendo anaomba m'manja ataimirira.

Ndiululenso ichi. Zaka ziwiri zonsezi ndasunga lamulo lanu chifukwa ndinkayembekeza kuti mukadzabwera ndi kafukufuku wina mudzandilembanso. Tchimo limeneli sindinakalape, ndikuopa kuti bambo mfumu alimvetsa msanga.

Bwana, mitambo yayamba kuunjikana chaku Chipata. Anthu anamaliza kupanga mizere, koma m'munda mwa Stelia muli mapesi a chaka chatha. Satuluka m'nyumba. Kumphakati anasiya. Ana ake awiri amadya kwa ine. Funso lomaliza lija la pafomu, la kutsatira a Maliko, masiku ano amaliyankha popanda womufunsa.

Ndinapita kwa Rozi dzulo titatuluka m'Misa, kukamupempha kuti akamuzonde Stelia. Wakana. Akuti analonjeza pamaso panu atakweza dzanja kuti adzasunga lamulo lija, ndipo ine amene ndinamuthamangitsa sindingamumasule.

Choncho pempho langa ndi laling'ono. Sindikupempha galimoto, alangizi kapena malaya olemba dzina la bungwe. Ndikupempha mzere umodzi wokha papepala la chidindo chanu: kodi kafukufuku anatha, moti Stelia akuloledwa kuchira?

Chonde yankho lifike pasanakwane Lamulungu likudzali. Mukakhala chete ndidzakagwada pamaso pa Rozi anthu akuona, mpaka adzakhalenso pakhonde pamene ndinamuchotsa. Mzere wanu woyera ukadzakhota, musadzati sindinapemphe chilolezo.

Ine wantchito wanu womvera kufikira lero,

Kefasi Benedicto,
wogwira chipewa.