Ndinawamba Chishango cha a Ngozo

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anamwalira, ndipo apolisi sanabwere. Zina zonsezi zinachitikadi.

Nditasiya koleji m'chaka chachiwiri (ine ndimati ndinayamba ndapuma, akoleji amanena zina), bambo anandipezera malo ophunzirira ntchito kudzera mwa mnzawo wa kutchalitchi. Inali nyumba yaing'ono yosungiramo zinthu zakale kufupi ndi Boma: zipinda ziwiri, makasu akale, mitsuko, mphero, ndi zithunzi za ansembe a ndevu zofika pachifuwa. Chimene ndinkafuna kumeneko chinali chimodzi basi, kalata yondichitira umboni yochokera kwa mayi Nangondo, oyang'anira malowo. Bambo ananeneratu kuti ndikabwerako wopanda kalatayo, moyo wanga wonse udzathera kudimba, kuthirira kachewere.

Cholemekezeka kuposa zonse m'nyumbamo chinali chishango cha chikopa cha ng'ombe, chakuda cha mawanga oyera, chimene anabwereketsa a Ngozo, mkulu wina wa Chingoni wa kuseri kwa phiri. Ana asukulu akabwera ndinkawauza, nkhope ili ngati ya pamaliro, kuti chishangochi chinabwera ndi makolo kuchokera kummwera, ndipo kabowo kali pakatipo ndi ka mkondo wa adani. Palibe anandiuza zimenezo. Ndinangoona kuti kabowo koteroko sikangakhale kopanda mbiri.

Lachitatu lina mu Juni mayi Nangondo anapita kumaliro, n'kundisiyira makiyi. Anati a Ngozo abwera Lachisanu kudzatenga chishango chawo, akavine nacho gule wa ngoma paukwati wa mdzukulu wawo.

"Uzingosesa," anatero. "Usakhudze kanthu."

Tsono sabata imeneyo chifunga chinali chitakhazikika paphiri ngati chalembedwa ntchito, ndipo chishango chinali chitachita chuku. Ine, munthu woti ndinapondako kukoleji, sindikanalola kuti mwini wake achipeze chotero. Ndinatenga nsanza, madzi ndi sopo. Chuku chinachoka, koma chikopa chinamwa madzi mpaka kulemera. Dzuwa kunalibe. Ndinachitsamiritsa pampando pafupi ndi mbaula imene tinkaothera, n'kupita kumsewu kukagula chipisi.

Pobwerako ndinamva kafungo ka nyama yootcha ndisanafike n'komwe pakhomo (ndikuvomera kuti poyamba ndinachita nsanje ndi amene akuotchayo). Chishango chinali chitapindika ngati tsamba la kabichi lofota, ubweya wa mbali imodzi utawauka.

Sindinanjenjemere. Ndinachigoneka pansi, n'kuchitsindika ndi mphero, imenenso inali yachionetsero. Chinalira kuti "thee", mng'alu n'kuoneka m'mphepete. Apo ndinazindikira kuti vuto ndi kuuma, ndipo mankhwala a chouma ndi mafuta. Lachinayi ndinakapempha mafuta a ng'ombe kwa wachiwaya wa chipisi uja, n'kuchipaka mbali zonse mpaka chinayamba kunyezimira. Ndinachisiya pakhonde kuti chipitidwe mphepo.

Galu wa nyumba yoyandikana nafe anagwirizana nane kuti ntchitoyo ndinaigwira bwino, moti anathawa nacho chishangocho. Ndinamuthamangitsa kudutsa minda iwiri ya mapesi, amayi okumba mbatata ataimika makasu n'kumaonerera. Mmodzi anandifunsa ngati kwayambanso nkhondo. Ndinachilanditsa, koma mbali ya kumunsi galuyo anali atalawako.

Lachisanu ndinachipachika pamalo pake, n'kuima kutsogolo kwake, manja kumbuyo. Mayi Nangondo analowa limodzi ndi a Ngozo, bambo wamtali wa chipewa chaubweya. Mayiwo anandiuza kuti ndisunthe. Ndinasuntha pang'ono. Anati ndisunthiretu.

A Ngozo anachitsitsa, kuchitembenuza, kuchinunkhiza. Ine ndinali nditayamba kale kuwerenga mumtima mizere ya kudimba kwa bambo.

"Mphwanga," anatero, "mchere munathirako?"

Ndinagwada. Ndinafotokoza zonse mwandondomeko, kuyambira sopo mpaka galu, n'kumaliza ndi kupepesa kuti ndawononga chishango cha makolo awo.

"Makolo ati?"

"Amene anachokera nacho kummwera, agogo. Anachiboola ndi mkondo aja."

Anayang'ana mayi Nangondo. Mayi Nangondo anayang'ana kudenga. Kenako a Ngozo anafotokoza pang'onopang'ono kuti cha makolo chinalowa m'manda ndi malemu bambo awo kalekale. Ichi anadula okha, pachikopa cha ng'ombe yawo imene inathyoka mwendo m'ngalande chaka chimene mwana wawo wotsiriza ankayamba sukulu. Kabowoko anaboola ndi khoswe, chili patsindwi. Kunyumba anali ndi china chovinira, chatsopano. Ichi ankangochifuna kuti mlamu wawo asavine chimanjamanja.

Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo ukanazimitsa mbaula.

Komabe sanandisiye choncho. Anati chikopa sichimera mumtengo, ndipo munthu wodziwa kuwononga aphunzirenso kukonza. Masabata atatu otsatizana, Loweruka lililonse, ndinkapita kwawo kukapala chikopa cha ng'ombe chokhomedwa ndi zikhomo pabwalo, iwo atakhala pampando n'kumauza aliyense wodutsa kuti uyu ndi wophunzira uja amaphika zishango.

Miyezi itatu itakwana, mayi Nangondo anandipatsa kalata yomata. Bambo anaitsegula pakhonde, atavala magalasi, n'kuwerenga mokweza kuti amayi amve kukhitchini: mnyamatayu amafika nthawi yabwino, amalankhula bwino ndi alendo, sanabe kanthu. Mzere wotsiriza unati, "Koma musamusiye yekha."

Anawerenga kawiri. Anati mayi ameneyu wandidziwa m'miyezi itatu kuposa mmene akoleji anandidziwira m'zaka ziwiri, n'kuipinda bwinobwino, kuiika m'buku la mapemphero. Za kudimba sanatchulenso.

Phunziro ndinatolapo, ndipo ndikulipereka kwaulere: chikopa sachiyanika pambaula. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndikanangochiika patali pang'ono, n'kumachitembenuza, chikanauma bwinobwino.