Chithunzi cha Pilato Kalilole

Pilato sankatha kudutsa chithaphwi osaweramirapo. Ngakhale mvula ikugwa, ankaima, n'kudziyang'ana m'madzimo, n'kukonza seda ndi chala. M'thumba la malaya ankayenda ndi chibenthu cha kalilole, ndiye pa Chitakale ponse ankangomuitana kuti Kalilole. Ntchito yothyola tiyi anaisiya, ati dzuwa limamuwononga khungu. Anali mkamwini kwawo kwa mkazi wake Esteri, ndipo anali atagonapo kale m'ndende ya pa boma chifukwa cha mbuzi ya eni ake.

"Mukadzalowanso kumene kuja, musadzabwerere pano," Esteri anamuuza tsiku limene anatuluka. "Nyumbayi ili pa dothi la amayi anga."

Khirisimasi ya 1956 itayandikira, Pilato anaitanira anzake awiri ku kachasu wa mai Joice. Panali Samueli Bwampini, amene ankadya chilichonse chosathawa, ndi Wilson Ndege, waliwiro zedi koma wosadziwa kolowera.

"Tamverani, anyamata," anatero Pilato. "Bwana wa ku esiteti ndi dona wake akukadyera Khirisimasi pa Chambe, m'kanyumba ka alendo kaja. Nyumba yabwino ali nayo, koma tchuthi akuti akazizidwe pa phiri. Akufuna amtengatenga. Ife tikalembetsa."

"Ine kukwera phiri?" anadandaula Bwampini.

"Nyama ya m'zitini, mabisiketi, mowa wa ku Ulaya! Tikwera nazo ngati antchito, titsika nazo ngati eni ake. Esteri chaka chino adzandipatsa madzi atagwada."

"Nanga bokosi la zakudya tikalidziwa bwanji, achimwene?" anafunsa Ndege.

Pilato anadzigogoda pamphumi. "Mutu uwu si wongopesa. Limene dona aziliyang'anira ngati khanda, ndi lomwelo."

Ananyamukira pa Likhubula m'mamawa. Mabokosi analipo ambiri, koma limodzi dona sankalichotsa maso. "Bwino! Bwino!" ankakuwa Ndege akangoterereka nalo. Kutayamba kuwaza, dona anavula jekete lake n'kufunditsa bokosilo. Pilato anatsinzinira anzake diso.

Atafika pamwamba, dona anakhala pa mwala, n'kutulutsa pepala ndi kachitini ka utoto m'chikwama chake, n'kuyamba kujambula phirilo. Kaburashi kake ankakanyambita pafupipafupi kuti kasongoke. Bwampini ankangomeza malovu.

Pilato anapirira pang'ono, kenako zinamukanika. Munthu kujambula mwala, iye ali pomwepo? Anakaima kutsogolo kwa phirilo, dzanja m'chiuno. Dona akasuntha, iyenso ankasuntha. Pamapeto pake dona anaseka n'kutenga pepala lina.

"Achimwene, mbava sijambulitsa," Ndege ananong'ona.

"Mbava yonyansa nkhope sijambulitsa," anayankha Pilato, n'kutembenukira kwa khuki amene ankamasulira. "Muwauze aike chipsera cha patsayachi. Ndiponso seda aiwongole, yapendekeka."

Dona anaika zonse, n'kukachikhoma chithunzicho m'kanyumba kuti chiume.

Mawa lake masana chifunga chinatsika, munthu osaona ndi phazi lake lomwe. Atatuwo ananyamula bokosi lija n'kuzemba. Ndege anatsogolera, ndiye anazungulira mtengo umodzi wa mkungudza mpaka Pilato anazindikira mapazi ake omwe m'matope. Atatopa anakhala pansi n'kuswa loko ndi mwala.

Munali mapepala oyera, maburashi ndi timachubu tambirimbiri.

"Nyama ija ili pansi," anatero Pilato. Pansi panali mapepala ena.

Bwampini sanataye mtima. "Izi ndi zija amanyambita dona." Anafinyira kachubu kobiriwira m'kamwa.

"Zikukoma bwanji?" anafunsa Ndege.

"Ngati sopo. Mwina jamu ndi kofiiraka."

Analawa mitundu yonse kuti asalakwire wina.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ikwane, msika wa pa Chitakale unadzaza. Wapolisi anafika pa njinga atanyamula chithunzi chija, n'kumachionetsa kwa aliyense. Pilato anali atabisala kuseri kwa matumba a nsomba zouma, chipewa atachitsitsa mpaka pamphuno, Bwampini ndi Ndege ali pambali pake.

Zinali zaka za Chitaganya, ndipo palibe ankafuna kuthandiza boma ngakhale kuloza njira. Anthu ankachiyang'ana chithunzicho, n'kupukusa mutu. Mai Joice, poopa kutaya womwa kachasu wawo, anafuna kumupulumutsa kotheratu.

"Ameneyu ndi Lenard telala, uja anapita ku Joni," anatero. "Kuno mwamuna wokongola chonchi analipo yekhayo."

"Eya, ndi Lenard!" anavomereza amayi a tomato. "Taonani masowo. Iii, Lenard anali mwamuna!"

Wapolisi anayamba kupinda chithunzicho kuti azipita. Matumba a nsomba anagwedezeka.

"Lenard?" Pilato anatulukira, chipewa chili m'manja. "Lenard wa mphuno ngati chikho uja? Bwana, tayang'anani bwino. Chipsera ichi, ichi! Seda iyi, iyi! Lenard anali ndi dazi!"

Wapolisi anayang'ana pepala, anayang'ana munthu, n'kuvomereza kuti dona anali ndi luso. Za anzake a Pilato sanavutike n'kufunsa. Bwampini anayasama kuti akane, lilime ndi ndevu zili zobiriwira. Ndege anathawa liwiro loopsa, kulunjika njira ya ku boma, moti anafika ku polisi wapolisiyo asanafike.

Esteri anali pamsika pomwepo, akugula mpunga. Sanalire. Anapempha kuona chithunzicho, n'kuchibweza, n'kupita kwawo.

Anatenga thumba la chiguduli, n'kuponyamo buluku la Pilato, malaya ake awiri, chipeso ndi botolo la mafuta a tsitsi. Kenako anaitana mlongo wake Isake kuti akalisiye ku ndende.

"Ndikawauze chiyani alamu?" anafunsa Isake.

"Mukawauze kuti chithunzicho ndachiona. N'chabwino kuposa mwini wake: chimakhala pamalo amodzi, ndipo sichidya."

Anamanga thumbalo ndi luzi, mfundo ziwiri, n'kuliika panja pa mpanda.