Mmene Ndinaimbira Firiji Mlandu

Okhudzidwa ndi nkhaniyi ndi awa: ine Bambo Yesaya Kamanga, mkulu wa mpingo, woimba besi m'kwaya chiyambire ku sukulu ya mishoni, akazi anga Mayi Nabanda, namwino wopuma, mdzukulu wathu Tadala, ndi a Bambo Tembo a ku Lusaka, amene amakhala m'nyumba ya pamwamba pathu kuno kutsidya kwa nyanja, ku Thamesmead. Palinso firiji, imene ndinailakwira kwambiri.

Tadala akufuna kukaphunzira za nyimbo ku koleji. Masiku ano mwana sayamba ndi kukaimirira pamaso pa aphunzitsi monga tinkachitira ife, manja kumbuyo. Amayamba wadzijambula pa foni akuimba n'kutumiza pamodzi ndi mapepala ake, kenaka eni kolejiyo ndiwo aone ngati n'koyenera kumuitana. Malamulo ake anandikondweretsa: aimbe yekha, pasamveke chida kapena munthu wina, kanemayo asadulidwe paliponse, ndipo afike Lachisanu lisanathe. Ine malamulo ndimawakonda. Ndinalengeza kuti ntchitoyo ndiyendetsa ndine.

Tadala amati atsamiritse foni pa mulu wa mabuku, ndinakana. Tsogolo la mwana n'kulisiya m'manja mwa mabuku? Ndinavala jekete ndi tayi, ngakhale wojambula saoneka, ndinagwira foniyo ndi manja awiri pachifuwa penipeni, n'kumuuza aime chilili ngati munthu woleredwa. Mwanayo anaimba bwino zedi, ine mpaka ndinatsinzina.

Titamvetsera, pansi pa mawu ake pankamveka chinthu chikung'ung'uza, chonenepa, ngati njuchi yotsekeredwa mu ndowa.

"Ndi firiji," ndinatero, ndipo ndinakaizimitsa pakhoma. Tinajambulanso, njuchi ija ilipobe. Ndinazimitsa boyila yotenthetsa m'nyumba, pamenepo n'kuti ili nyengo yachisanu, akazi anga anakavala chikhoti m'nyumba mwawo momwe. Ndinatsitsa wotchi ya pakhoma n'kuitsekera m'kabati. Ndinaima pa zenera kudikira basi idutse, ndiye tiyambe. Chinthucho osachoka. Chodabwitsa, Tadala akakweza mawu nachonso chimakwera, akatsika chimatsika naye, ndipo pothera nyimbo chimakhazikika pa "do" mwaulemu wake. Kodi munthu wanzeru sakanaima pamenepa n'kuganiza? Ine ndinaima, n'kufotokozera banja langa kuti makoma a kuno ndi opyapyala, amanjenjemera motsatira phokoso. Ndinafotokoza bwino kwambiri.

Lachinayi tinayambiranso m'mawa. Pofika masana Tadala anali atakhala pansi, akumwa madzi ofunda a uchi.

"Agogo, mawa ndi Lachisanu," anatero m'Chichewa chake chotsimphina. "Mawu anga akutha."

Apo mtima unandipweteka, ndipo ndinatsimikiza kuti wolakwa ali pamwamba. Ndinakonza tayi, ndinakwera masitepe, ndinagogoda monga amagogodera munthu amene chilungamo chili mbali yake. A Tembo anatsegula chitseko diso limodzi lili chitsinzinire, atachokera ku ntchito ya usiku. Ndinawauza mwadongosolo kuti makina awo ochapira akuononga maphunziro a mwana, ndipo ndinawonjezapo mawu angapo onena za kukonda mnansi.

"Ba Kamanga, ine nenze gone," anatero m'kalankhulidwe ka kwawo, kutanthauza kuti anali m'tulo. "Mashini yanga inafa kudala, zovala nichapila kwa mulamu. Kapena ni mkonono wanga?"

Ndinawauza kuti nkhaniyi si yoseka, atsike adzamve okha. Anatsikadi, atavala masilipasi, n'kukhala pa sofa pafupi ndi akazi anga, onse awiri akunjenjemera ndi chisanu. Ndinalamula bata. Ndinanyamula foni pachifuwa, Tadala anayamba, ine ndinatsinzina monga mwa nthawi zonse.

Pakati pa ndime yachiwiri ndinamva dzanja lozizira likundigwira pakhosi. Njuchi ija inaleka pomwepo. Dzanja linachoka, inayambiranso. Linabwerera, inaleka. Ndinatsegula maso n'kupeza akazi anga ataima pambali panga, akundiyesa ngati wodwala wa m'wodi mwawo, a Tembo ataluma khushoni kuti asaseke.

"Firiji yanu ndi iyi," anatero Mayi Nabanda.

Ndinakana, ndinati pakamwa panga panali potseka.

"Potseka ndithu. Mumaimba chotseka pakamwa, bambo. Mumatero m'basi, mumatero pamaliro, mumatero ngakhale foni ya munthu ikalira, mumaipatsa besi. Ndinakuuzani dzulo m'mawa, munandiyankha kuti pa nthawi yojambula salankhula."

Ndinakumbukira kuti ndinaterodi. Ku mishoni anatiphunzitsa kuti nyimbo yopanda besi ili ngati nyumba yopanda maziko, ndipo khosi langa linamvera lamulolo mpaka kuleka kundifunsa. Foni nayo ndinali nditaiika pamalo abwino omvera, pachifuwa pa woimbayo.

"Koma kiyi ya nyimbo mwenze nayo, mudala," anatero a Tembo akupukuta misozi. "Tumizani chabe, kapena bazakutengani imwe."

Kenaka kukhitchini kunamveka fungo. Firiji ija sindinaiyatsenso chizimitsireni dzulo lake, madzi anali atayenderera pansi, ndipo nkhuku ndi nsomba zimene akazi anga anakagula ku Peckham zinali zitafewa ngati nthochi zakupsa.

Mlandu anaweruza ndi Mayi Nabanda, mboni ali a Tembo. Anagamula kuti ndikolope kukhitchini, ndipepese a Tembo, foni itsamire mabuku, ndipo pa nthawi yojambula ine ndikakhale poimira basi mpaka andiitane. Ndinapempha kuti mwina ndingokhala m'bafa, Tadala anati makoma a kuno ndi opyapyala.

Ndinakakhala kunjako ndi tayi wanga, mphepo yochokera kumtsinje wapafupi ikundimenya, ndikuyerekeza mumtima pamene mwanayo wafika m'nyimbo yake. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anandigwira paphewa n'kundiuza mwaulemu kuti foni yanga ikunjenjemera m'thumba. Foni ndinali nditaisiya kunyumba.

Tadala anajambula kamodzi kokha n'kutumiza tsiku lomwelo. A koleji amuitana kuti akaimbe pamaso pawo, ndipo anena kuti operekeza adzadikire kunja kwa nyumba yoimbiramo. Akazi anga awonjezapo kuti ine ndidzadikire tsidya lina la msewu. Chigamulocho ndachilandira, ndipo ntchito yojambula sindidzaigwiranso. Ine ndavomera, khosi langa silinayankhebe.