Kwa Oyeza Madzi M'thupi mwa Mbuzi Yanga

Kwa Bwana Mkulu,
Nthambi Yofufuza za Ziweto.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi chogwada, ine mayi wosaphunzira, mwini wa Mtopola, mbuzi ija akatswiri anu anaiyendera pa galimoto ziwiri. Chibadwire sindinalandirepo alendo ovala zoyera chotero.

Choyamba, ndithokoze jakisoni. Anandifotokozera kuti ndi madzi okhala ndi chizindikiro, amene amasakanikirana ndi madzi onse a m'thupi, ndipo akatenga magazi amadziwa kuchuluka kwake osapha chiweto. Nzeru zakuya! Ife mbuli tinkangoyang'ana m'chomwera.

Chachiwiri, anandilamula kuti mbuziyo isamwe kanthu kwa maola asanu ndi limodzi. Lamulo limeneli sitinavutike nalo, pakuti mpopi wathu unauma chaka chatha. Mtopola anali atayamba kale kumvera musanabwere.

Chachitatu, zotsatira zafika, zodindidwa bwino. Akuti pa magawo khumi a mbuzi yanga, asanu ndi limodzi ndi madzi. Bwana, mwandilemeretsa! Nkhani itamveka, anzanga a pamzere wa madzi anabwera ndi zidebe kudzandinyogodola. Apongozi anga akuti tiifinye titsukire mbale. Wogulitsa nyama, amene tinapangana kuti aigula kuti mwana wanga apite kusukulu, wabwerera pachipata. Akuti iye sagula madzi pamtengo wa nyama. Bambo a kunyumba okha ndiwo akhala chete, kuopa kuti mungawayeze nawonso n'kupeza kuti zawo si madzi.

Chachinayi, pansi pa pepala la zotsatirazo mwalangiza kuti chiwetochi chizimwa madzi okwanira. Ndinawerengera Mtopola mokweza kawiri konse. Anandiyang'anitsitsa, kenaka anadya pepalalo, ndi chidindo chomwe. Musamuimbe mlandu, ndi chinthu chokhacho chochokera ku ofesi yanu chimene chamufika m'mimba.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Ndamva kuti mubweranso kudzayeza nkhosa za mlamu wanga. Jakisoni uja mukamusiye, musadzivutitse. Mudzangonyamula madzi wamba mumgolo, opanda chizindikiro chilichonse, n'kuwaika pakhomo pa khola. Ziwetozo zidzakuonetsani zokha kuchuluka kwa amene akusowa, inu mudzangolemba.

Ndine wanu wodzichepetsa,
Mayi wa kuseri kwa chigayo,
Mwini mbuzi yamadzi.