Imamu wa Madhihabu Anayi

Lolemba
Andisankha kukhala imamu wa kachipinda koswaliramo ife magadi kuno ku Madinat Khalifa, kudziko la Aluya. Chifukwa chake: imvi basi. Aliyense ali ndi madhihabu ake, njira yake yotsatira malamulo a chipembedzo. Kumbuyo kwanga poswali kuli Rashid Mpakistani wa madhihabu a Hanafi, Osman Msudani wa Maliki, ndi supavaiza wathu wa Hanbali. Ine ndine wa Shafii, ngati bambo anga ku Machinga. Pulani yanga: swala imodzi yokomera onse, pasapezeke wonena kuti mdala wa ku Malawi wamuonongera swala.

Lachiwiri
Nkhani ya poika manja poswali. Rashid: "Pansi pa mchombo." Osman: "Angolendewera." Kwathu timaika pamwamba pa mchombo. Ndayesa limodzi pamchombo, linalo lolendewera. Akuti ndikuoneka ngati wodwala m'mimba.

Lachitatu
Bisimila, mawu oyambira kuwerenga m'swala. Kwathu mokweza, Rashid chamumtima, Osman osainena n'komwe. Ndainena mwapakatikati. Rashid akuti ndakuwa. Mtima wanga ukuti ndaimeza.

Lachinayi
Supavaiza abwera ndi nyama ya ngamila. Ndadya mbale ziwiri, wallah. Nditanyambita zala ndi pamene akuti: "Yalla, kachitenso wudhu, kwathu kudya ngamila kumaononga kusamba kokonzekera swalako." Madzi a m'thanki ya padenga masana ano ungaphikire dzira. Mapazi anga apsa chifukwa cha lamulo la eni ake.

Lachisanu
Itatha swala ya Juma ndakadandaula kwa shehe wina ku Al Thumama. Akuti akuluakulu amene anayambitsa madhihabuwa ankaphunzitsana okhaokha, wina wophunzira wa mnzake. Ankasiyana pomasulira hadisi, mawu a Mtumiki, wa ku Madina mwake, wa ku Kufa mwake, koma osanyozana. "Swalitsani monga mwa kwanu, Baba, otsatira swala yawo ili bwino." Zaka zoposa chikwi akuluakulu anagwirizana kusiyana, ine wa Sitandade 5 ndimati ndiwagwirizanitsa pa sabata imodzi.

Loweruka
Swala ya Magharibi, dzuwa litangolowa. Ndikuswalitsa mwa kwathu, mtima uli m'malo. Pogwetsa nkhope pansi, mphaka wa pageti wadzakhala pamsana panga ngati walipira lendi. Ndapirira. Wayamba kukanda. Ndaphulika nako kuseka! Swala ya tonse yagwa. Rashid akuti kwawo kuseka m'swala kumaononganso wudhu. Apa ndiye madhihabu onse anayi agwirizana chimodzi: vuto ndine.

Lamulungu
Abwera atatu mwaulemu: "Baba, mwakula, pumulani." Ndayesa kuonetsa nkhope yachisoni, yakana. Osman ndiye imamu tsopano, ndipo wayamba kale kuonda. Ine ndaima kumapeto kwa mzere, pafupi ndi eyakoni. Swala yoti ndikayankhepo kwa Mulungu yatsala yanga yokha, ndipo nayonso ndi katundu wokwanira.