Makirediti Otsala a Malume

Lolemba

Malume akuvina m'khitchini. Munthu wamkulu, sajeni wopuma, bwana wa alonda pa ofesi ina ku Upper Hill, akuvina laputopu ili m'manja. Akuti yunivesite ina ya pa intaneti yavomera kuwerengera makosi awo a ku usilikali ngati sukulu, kosi iliyonse ndi makirediti ake. Maphunziro ena angolemba mayeso osalowa m'kalasi. Digiri pafupi, kukwezedwa pantchito pafupi.

Koma nkhani ndi iyi: makirediti ena atsala. Achuluka, digiri yawo sikuwafuna.

Kutsala! M'nyumba muno chapati satsala, ndiye makirediti atsale ine ndilipo?

Ine sukulu ndinasiyira Fomu 2. Mayi ananditumiza kudziko la eni, kuno ku Kilimani, kuti malume andiwongole. Malume anati mwezi uno ukatha ndisanalowe sukulu ina iliyonse, ndibwerera ku Kasungu. Mwezi ukutha Lamulungu.

Pulani: kwathu za malume ndi za mwana wa mlongo wawo. Munda, njinga, ngakhale ufumu. Makirediti akanike chifukwa chiyani? Ndilowa yunivesite mwachikhalidwe.

Lachiwiri

Kusalaza njira. Nsapato zawo ndapukuta, munthu ungapesere tsitsi. Tiyi ndapereka chogwada, ndi manja awiri. "Mwadzuka bwanji, eni mbumba?" Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako akufunsa chomwe ndaswa.

Zotsala zija ndazisuzumira pa laputopu:
kuwerenga mapu
kuthandiza wovulala
masewera olimbitsa thupi
china chake cha mawailesi

Zonse ndi zanga zomwe. Mapu ndimawadziwa, ku msika wa Gikomba ndinapita ndekha, ndinangosochera pobwerera. Zolimbitsa thupi, ndimakwera matatu, minibasi ya kuno, ikuyenda. Wailesi ndimamvera.

Lachitatu

Ndalakwitsa kuuza anti, akazi a malume. Ndaiwala kuti kwawo ndi ku Mzimba, kumene za bambo zimapita kwa ana. Aseka mpaka mpunga kupserera. Akuti ngati makirediti ndi chuma, mwini wake ndi Tadala, mwana wawo wa ku nazale.

Ndiye ndili ndi mdani. Mdaniyo amadyabe makrayoni.

Ndamugulira mandazi kuti andisiyire gawo lake mwamtendere. Wadya onse. Wakanena kwa amake kuti achimwene akugula sukulu ya adadi.

Lachinayi

Tsiku loipa.

Malume akulankhula pa kanema ndi mayi wina wachizungu, mlangizi wa ku yunivesite kuja. Belu kulira, wa gasi wafika, malume kutuluka. Mpando uli pululu. Ine phwa!

Ndikufotokoza ndi Chizungu changa cha Fomu 2 kuti ndine wolowa m'malo. Mayiyo akufunsa ngati ndinakhalapo msilikali. Ndikuti tchuthi china ndinakathera ku baraki, lipenga la m'mawa ndimalidziwa bwino. Akuti ayi, zili pa dzina la munthu sizichoka, komanso ndisanaganize za digiri afuna kaye satifiketi ya sekondale. Ndikuumirira za cholowa. Nkhope yawo kugwa, dzanja pachifuwa. Akufunsa ngati asajeni, amene amalankhula nawo pompano, amwalira.

Asajeni ali kumbuyo kwanga, silinda ya gasi paphewa.

Chilango chake: masitepe a fulati ino ndawakwera chodumpha ngati chule, kutsika, kukweranso. Oyandikana nafe atuluka kudzaonera. Mayi wa pansipa akungondipepesa m'chilankhulo cha kuno, "pole, kijana." Zolimbitsa thupi ndachita ndithu, kirediti palibe.

Lachisanu

Miyendo si yanga. Kuchimbudzi ndikukhala ndi pemphero.

Malume akulemba mayeso m'chipinda, kamera ikuwayang'ana ngati wakuba. Akuti munthu akangodutsa kumbuyo, mayeso afa. Anti atenga Tadala. Ine andithamangitsira ku geti, ndikuwerenga magalimoto osayenda a pa Ngong Road.

Madzulo malume atuluka thukuta lili kamukamu. Akhoza! Abwera ndi nkhuku, ntchafu andipatsa ine. Mtima wafewa umenewo.

Pulani yatsopano: mawa Amalawi akukumana kwa mkulu wa mpingo ku Spring Valley. Mzungu sadziwa mwambo, koma akuluakulu akudziwa. Nkhaniyi ndikaitula pabwalo.

Loweruka

Nyumba ya mitengo yambiri, agalu onenepa kuposa ine. Nyama ikuwotchedwa. Anthu a masuti akulankhula Chichewa chothira Chizungu ngati mchere.

Ndadikira akhute. Ndawomba m'manja, ndanjuta, ndayala mlandu wanga bwinobwino. Dokotala wina watsamwa ndi soda. Abusa akubisa nkhope m'mpango. Anti akujambula pa foni.

Malume okha sakuseka. Aimirira. "Mwanayu akunena zoona. Mwini mbumba ndine."

Digiri ija!

"Koma cholowa chimadikira maliro, ndipo ine ndadya bwino. Chosadikira ndi udindo."

Akuti nthawi yonseyi amandinyengerera ngati mlendo, kundifunsa sukulu yomwe ndingakonde. Lero ndawakumbutsa ndekha, pamaso pa mboni, kuti mwana wa mlongo safunsidwa, amauzidwa. Aimba foni kwa mayi pomwepo, mawu pamtunda kuti onse amve. Fomu 3, sekondale yoyendera ya kwathu, fizi alipira iwo. Mayi akululuta kuchokera ku Kasungu, agalu kuuwa.

Onse akuwomba m'manja. Inenso ndawomba. Mwambo wake ndi womwewo, nanga ndikanatani?

Lamulungu

Kutchalitchi andiimiritsa kutsogolo, andipempherera ndi dzina. "Wophunzira wathu." Atsikana a kwaya onse amva kuti ndi Fomu 3.

Ndikulongedza. Basi mawa, kudzera ku Tanzania, ulendo wotha matako. Ndikakhala benchi imodzi ndi ana omwe ndinkawatuma fodya wa agogo. Mayi atumiza mawu kuti sukuluyo imafuna aliyense abwere ndi khasu lake tsiku loyamba.

Ndaganizaganiza. Malume ena alipo, aang'ono, ali ku Joni, ofatsa bwino, osakalipa. Koma iwo anasiyira Sitandade 6. Kumeneko kulibe chotsala.