Sabata Yosumira Lesitilanti ya Pakona

Lolemba

Batani la thalauza la yunifolomu lathawa. Lathothoka ndili pakati pochitira sawatcha supavaiza, pa risepushoni penipeni, alendo akuona. Likudumphadumpha pa matailosi ngati nalonso latopa nane.

Supavaiza sakuseka. Akuti: "Lamlungu ndikuonanso. Yunifolomu ikapanda kutseka, khalas, zatha, ukalondera ku paking'i."

Ku paking'i ndi panja! Kuno m'kati muli kamphepo kozizira ndi mpando. Panja pa Doha mwezi uno ngakhale mphaka sadutsa.

Wolakwa ndikumudziwa, ndipo si ine. Ndi Shafiki, Mmwenye mwini lesitilanti ya pakona, pafupi ndi kuntchito kwathu kuno ku Jadeeda. Ndimaitanitsa chakudya cha munthu mmodzi, iye amandipatsa cha pa chinkhoswe: nkhuku yokazinga, phiri la tchipisi, buledi, msuzi wa adyo, chakumwa m'kapu yoti mwana angasambiremo. Nditani? Nditaye? Ine ndinaleredwa bwino.

Pa foni ndaona kuti ku America anthu amasumira malesitilanti pa nkhani zoterezi. Nanenso ndisuma!

Lachiwiri

Mlandu umafuna umboni. Ndagula paketi imodzi yoti ndingoijambula basi. Ndatsegula, ndalozetsa foni, foni yathima. Pamene ikutchajidwa, umboni ukuzizira. Tchipisi chozizira sichimaoneka bwino pa chithunzi, aliyense amadziwa.

Umboni ndadya.

Zofunika:
mboni
loya
pini wa thalauza (uyu yekha wapezeka)

Lachitatu

Ndapempha a Gondwe kuti akhale mboni. Timagona chipinda chimodzi, amayendetsa galimoto ya banja lina ku Nuaija, ndi owonda ngati mpini wa tsache.

Akuti: "Kukhoti ndibwera, achimwene, musadandaule. Ndikanena kuti mumanyambita ndi pepala lomwe."

Kenako: "Kodi Shafikiyo amakutsegulani pakamwa ndi sipanala?"

Nsanje basi. Iwo paketi yomweyi amadya theka, lina n'kusunga. Munthu wotha kugona tchipisi chili pansi pa bedi ndi woti n'kumukhulupirira?

Umboni wachiwiri wajambulidwa. Vuto n'lakuti pa chithunzipo pakuoneka dzanja langa litagwira ntchafu yolumidwa kale, ndiponso pagalasi kumbuyoko pakuoneka nkhope yanga. Nkhope yosangalala kwambiri. Wolakwiridwa samaoneka choncho. Ndijambulanso mawa.

Lachinayi

Loya sindikumupeza, ndiye ndafunsa pa gulu lathu la a Malawi pa foni. Ndalemba mwaulemu, ndaika ndi chithunzi cha paketi. Mayankho a abale anga okondedwa:

"Sumirani supuni, bambo."

"Mimba ndi yanu, pakamwa ndi panu, mlandu ukhale wa Mmwenye?"

"Ife kuno ku Murra tikudya zotsala za ana a madamu, inu mukulira kuti zakuchulukirani. Mulungu akukhululukireni."

Mayi Nachisale, amene amagwira ntchito ku hotelo, ndi okhawo amene andimvetsa. Afunsa modekha kuti lesitilantiyo ili pati ndendende, nanga amatseka nthawi yanji. Ndawalongosolera njira yonse. Ndiye anthu ena atatu alemba kuti zikomo.

Ndiye kuti ndamuitanira Shafiki makasitomala. Mwaulere!

Lachisanu

Kuno tsiku lopuma ndi lopemphera ndi Lachisanu. Ndikutuluka kutchalitchi mtima uli njo, ndikulunjika kwa Shafiki kukamuchenjeza maso ndi maso. Ndavala malaya akutchalitchi, aja aakulu. Ndikumuuza zonse: batani, paking'i, America. Ndikumuonetsa mimba ngati chikalata.

Akumvetsera, akugwedeza mutu. Akuti: "Mafi mushkila, mnzanga. Palibe vuto. Khala pansi."

Wabwera ndi kambale. Kaphiko kamodzi. Tchipisi choti nkhuku yamoyo ingatole osakhuta. Madzi. Pambali kachidole ka pulasitiki.

"Chakudya cha ana," akutero, akumwetulira. "Kuyambira lero chako ndi ichi."

Pa tebulo lachiwiri pali mayi Nachisale ndi anzawo, aliyense phiri lake kutsogolo. Akundibayibitsa ndi ntchafu.

Tsankho! Ine kasitomala wakale, wokhulupirika, amene sindinaphonyepo ngakhale nditadwala chimfine! Uyu ndimusumira kawiri: koyamba pondipatsa zambiri, kachiwiri pondipatsa zochepa.

Ndaitanitsa timbale ta ana tinanso, pofuna kumuonetsa kuti sindine mwana. Tizidole ndili nato tokwanira ana onse a mlongo wanga.

Loweruka

Njira ina: masewera. Lero sindikwera lifiti, ndikwera masitepe mpaka pamwamba pa nyumba. Pa nsanjika yachiwiri ndaima kaye kuyendera chozimitsira moto. Chili bwino. Ndachiyendera nthawi yaitali ndithu. Ndatsika pa lifiti.

Telala wa kumsika wayang'ana thalauza, wayang'ana ine. Akuti nsalu yofutukula inatha ulendo watha uja.

Madzulo ndikuyankhula ndi amake Tadala pa vidiyo. Ndikuyembekezera kuti mkazi wanga andimvere chisoni. Akuomba m'manja: "Ee, bambo, masaya amenewo! Chithunzi chanu ndaonetsa mpingo wonse. Amene akukudyetsaniyo mukamuthokoze."

Ndikamuthokoze! Mdani wanga!

Kenako aleka kuseka, ayandikitsa nkhope ku foni. "Koma bwanji mukupuma ngati mwathamanga, chikhalirenicho muli pa bedi? Malemu bambo anu anayamba choncho. Ife tinakutumizani kukagwira ntchito, mubwere mukuyenda nokha."

Ndanena kuti netiweki ikuvuta. Siikuvuta.

Lamlungu

Supavaiza wafika. Ndakoka mpweya, ndameza mimba, thalauza latseka. Zatheka! Ndiye lero ndi tsiku limene wasankha kutilalikira za mmene tingalonjerere alendo. Akuyankhula. Akubwereza. Akufunsa ngati pali funso, ndipo mnzanga wa ku Nepal ali nalo funso. Maso anga achita mdima. Ndapuma.

Pini wagonja.

"Yalla, tiye, ku paking'i," akutero supavaiza.

Ndikulemba izi m'kanyumba ka malata, thukuta likudonthera pa pepala. Mlandu ndausiya. Loya ndilibe, mboni ili mbali ya mdani, umboni wonse uli m'mimba mwanga. Chabwino, Shafiki sanandigwirepo dzanja. Ndalemba, ndipo sindibwerezanso.

Lachiwiri ndipita kuchipatala akandiyeze magazi. Amake Tadala ndawauza kale, ndiye kuthawa kulibe.

Nkhomaliro ya lero: nkhaka ziwiri ndi madzi.

Ndangozindikira kumene kuti paipi yotulutsa utsi wa kukhitchini kwa Shafiki inaloza kuno, ndendende pa windo la kanyumba kanga. Wangoponya nkhuku m'mafuta. Shifiti itha dzuwa likalowa.